Akaidi abwereranso pa bwalo

Loweruka mlamu wanga anabwera kwathu ku Kapata, ku Chipata, ndi filimu pa fulashi, ati ndi gawo lachiwiri la ija ya akaidi omenya bola. Magetsi analipo, ndiye tinaonera mpaka kumapeto.

Nkhani yake ndi yomwe ija ya gawo loyamba: akaidi apanga timu kuti akumane ndi alonda a ndende. Chasintha n'chakuti mkulu wa ndende ndi watsopano, ndipo ndi wakuba kuposa akaidi onse. Amene anandiseketsa kwambiri ndi goloboyi wawo, mkulu womangidwa chifukwa chothyola nyumba, yemwe manja ake sataya chilichonse chimene agwira. Mlamu anaseka mpaka kutsamwa ndi chimanga chowotcha. Koma filimu itafika pakati, tulo tinayamba kundigwira. Nthabwala zambiri anangozitenthetsa ngati nsima ya dzulo, ndipo chigoli chomaliza aliyense anachionera patali.

Filimu itatha, tinadzakangana pa Prison Leopards, timu ya bola ya ku Kabwe. Mlamu amakhulupirira kuti osewera ake ndi akaidi. Ayi ndithu, alamu! Timuyo ndi ya Zambia Correctional Service, imene mpaka 2016 inkatchedwa Zambia Prisons Service, ndipo anyamatawo akamaliza masewero amakagona kwawo.

Ine ndikanakonda kuona akaidi a ku ndende ya Namuseche kuno ku Chipata akusewera ndi anyamata a njinga zonyamula anthu pa David Kaunda Stadium. Ndalama ya pakhomo ndingalipire mosanyinyirika, malinga refa asakhale mlonda wa ndende.