Mmene ndinayezera magetsi odutsa mu DNA pa kachitsulo ka golide

Sabata yoyamba m'labotale ndinangoithera pa kutsuka golide. Kachitsulo kake n'kakang'ono ngati njere ya mapira, koma kakangokhala ndi litsiro, DNA, molekyu yosunga malangizo a chibadwa cha zamoyo, siimirira bwino pamwamba pake ndipo zonse zimene mungayeze pambuyo pake zimakhala zabodza. Ndinkakakwecha ndi ufa wa alumina, n'kukatsuka, kenako n'kukaviika mu asidi wa sulfuric ndikukweza ndi kutsitsa mphamvu ya magetsi, mpaka mzere wa pa kompyuta utasonyeza kuti kayera.

Chimene ndinkafuna kuona ndi ichi. Mkati mwa DNA, zilembo zake zimagwirana ziwiriziwiri, A ndi T, G ndi C, ndipo zimasanjikizana ngati mbale m'kabati, motalikirana mananomita 0.34 okha (mu milimita imodzi muli mananomita miliyoni imodzi). Mu 1962 asayansi Eley ndi Spivey anaganiza kuti maelekitironi, tinthu tonyamula magetsi, angathe kuyenda mumsanjo umenewu. Njira imene ndinatsatira ndi yomwe gulu la Jacqueline Barton ku yunivesite ya Caltech ku America linakhazikitsa, yoimika DNA pa golide.

Ndinatenga timizere tiwiri ta DNA togwirizana, kalikonse ka zilembo 15, kena kali ndi sulufule kunsonga, chifukwa sulufule amamatirira golide zolimba. Ndinatisakaniza mofanana, n'kutitenthetsa kufika madigiri 90, kenako n'kutisiya kuti tizizire tokha. Apa musapupulume. Mukaziziritsa msanga, timizere tina timagwirana molakwika. Kadontho ka DNA imeneyi ndinakaika pa golide pamodzi ndi magnesium chloride, yemwe amathandiza kuti DNA iime mothithikana, n'kuvindikira usiku wonse m'kabokosi ka chinyontho. M'mawa ndinatsuka, n'kuthira mercaptohexanol kuti atseke mipata yotsala. Mukasiya mipata, mankhwala amene mudzathire poyeza magetsi amakafika pa golide molambalala DNA, ndiye simungadziwe kuti magetsiwo adzera kuti.

Mankhwala oyamba anali methylene blue. Amene munagwirapo ntchito m'labotale ya chipatala mukumudziwa: ndi utoto wobiriwira ngati thambo uja womwe umathiridwa komaliza poyeza makhololo a TB, ndipo Paul Ehrlich anauyesa pa odwala malungo mu 1891. Molekyu yake ndi yaphwatalala, choncho imalowa pakati pa zilembo ziwiri zosanjikizana ngati ndalama yapepala yobisidwa m'buku.

Ulendo woyamba zinandikanika. Mzere unatuluka wokhotakhota, ndipo ndinada nkhawa kuti ntchito ya masiku atatu yapita m'madzi. Mnzanga wina atayang'ana anangofunsa kuti, "Kodi mwachotsa okosijeni?" Ndinali nditaiwala. Okosijeni wosungunuka m'madzi naye amalanda maelekitironi. Nditapopera mpweya wa argon kwa kanthawi n'kuyezanso, tinsonga tiwiri tooneka bwino tinatuluka, kusonyeza kuti methylene blue akulandira maelekitironi kuchokera ku golide n'kuwabwezanso.

Komabe zimenezi pazokha sizikutsimikizira kuti njira yake ndi mkati mwa DNA. Umboni unabwera nditabwereza zonse kuyambira pa kutsuka, koma ndi DNA yomwe pamalo amodzi C anayang'anizana ndi A m'malo mwa G. Chilembo chimodzi chokha. Tinsonga tija tinafupika moonekeratu, chifukwa pamalo olakwikawo zilembo sizisanjikizana bwino ndipo njira imaduka. Ndiyeno ndinasintha mankhwala, n'kuika ruthenium hexammine. Ameneyu salowa mumsanjo, amangokakamira kunja, pa mafosifeti a msana wa DNA. Pa DNA yabwino ndi pa yolakwika zotsatira zake zinali pafupifupi chimodzimodzi. Tsiku limenelo ndinakhala nthawi yaitali ndikuyerekeza mizere inayi ija, chifukwa zimene ndinkangowerenga ndinali nditazigwira ndi manja: malo amene molekyu yakhala pa DNA ndi amene amanena ngati ilumikizana ndi magetsi a mkatimo kapena ayi.

Molekyu yolowa mumsanjo ingathenso kusintha khalidwe la DNA yeniyeniyo. Mu 2016 gulu la Bingqian Xu ku University of Georgia linalowetsa coralyne mu DNA yaifupi ya masanjo 11, ndipo magetsi anayamba kudutsa kwambiri mbali imodzi kuposa inzake, monga imachitira diode, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha.

Chomaliza ndinathira ferricyanide, mankhwala olandira maelekitironi, kuti kusiyana kwa DNA yabwino ndi yolakwika kuja kukule. Iye safika pa golide chifukwa DNA imamukankha. Methylene blue akalandira maelekitironi amataya mtundu wake, n'kukawapereka kwa ferricyanide, n'kubwerera mumsanjo kudzatenga ena, mobwerezabwereza. Pa DNA yabwino magetsi anachuluka kwambiri, pomwe pa yolakwika ija anatsalira pansi, moti ndinkatha kuzisiyanitsa ndili chiimire kumbuyo kwa kompyuta.