Mmene ndinapezera malo ndi nthawi yoonera sitima za malasha m'nyengo yozizira

Ulendo wanga woyamba ndinautaya. Ndinatsika minibasi pa Liwonde dzuwa lili paliwombo, n'kukaima pafupi ndi njanji maola atatu, koma chimene chinadutsa ndi mbuzi ndi ana ochokera kusukulu. Ndinabwerera ku Zomba wopanda chomuuza mwana wanga, amene ndinali nditamulonjeza kuti tidzapita limodzi kukaona sitima yaitali ija. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti sitima ya katundu siikhala ndi ndandanda yopachikidwa pakhoma ngati ya anthu. Imanyamuka malasha akadzaza ndipo njira ikatseguka.

Ndinayamba ndi kuidziwa njanjiyo. Malasha amachokera ku migodi ya Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique, n'kulowa m'Malawi cha ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya m'boma la Balaka. Gawo la m'Malawi limeneli ndi latsopano, linamangidwa ndi kampani ya Vale. Pa Nkaya njanjiyi imakumana ndi njanji yochokera ku Limbe ndi ina yolowera ku Salima, kenaka imakhotera kum'mawa pa njanji yomwe inatsegulidwa mu 1970, kuwoloka Shire pa Liwonde, kutulukira pa Nayuchi, ulendo wa kudoko la Nacala-a-Velha ku Mozambique. Mtunda wonse ndi makilomita 912. Zimenezi zinandithandiza zinthu ziwiri. Choyamba, sitima yopita kum'mawa ndiyo yodzaza, yopita kumadzulo ikubwerera yopanda kanthu. Chachiwiri, njanji ndi imodzi yokha, choncho sitima zimadikirana m'malo opatukirana. Ukaona imodzi yaima pa siteshoni injini zikungolira, usachoke, chifukwa kawirikawiri ikudikira inzake.

Ulendo wachiwiri sindinathamangire kunjanji. Ndinakhala pansi pafupi ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa pomwe msewu wafumbi umadutsa njanji, ndinagula ziwiri, n'kufunsa.

"Amayi, kodi sitima ya malasha yadutsa kale lero?"

"Iti, bambo? Yolemera kapena yopepuka? Yolemera yadutsa ndikuyatsa moto. Inayo mudikire, siichedwa."

Mayiwo sanayang'ane wotchi, koma sanaphonye. Anyamata a kabaza nawonso amadziwa, chifukwa sitima ikatseka njira iwo ndiwo amaima ndi makasitomala kudikira kuti mchira wake uthe. Kuyambira tsiku limenelo ndinagula kakope, ndipo ulendo uliwonse ndimalemba tsiku, nthawi, kumene sitima ikulowera ndi zimene anthu andiuza za usiku wapitawo. Nthawi zake sizifanana tsiku ndi tsiku, koma patatha masabata angapo kakopeko kanandiphunzitsa kuti ndikafika mbandakucha n'kukhala mpaka cha m'ma 9, sindibwerera chimanjamanja kawirikawiri.

Ndimakonda miyezi ya Juni ndi Julayi. M'dzinja chimanga ndi udzu zimabisa chilichonse, umangomva phokoso kuseri kwa munda. Ikafika Juni anthu akolola, minda yayera, ndipo umatha kuiona sitima ikadali kutali. Ukachedwa mpaka kumapeto kwa Ogasiti, utsi wa moto wolusa m'tchire umaphimba mapiri ndipo zonse zimaoneka zotuwa. Komanso m'mawa wozizira, kopanda mphepo, phokoso limayenda patali modabwitsa. Hutala umamveka sitima isanaoneke n'komwe, ndiye umakhala ndi mpata woika kapu pansi n'kusankha poima.

Za dzuwa ndinaphunzira nditaononga zithunzi zambiri. M'miyezi imeneyi limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa itangopitirira 5 koloko, ndipo tsiku lonse limayenda chopendekera kumpoto. Popeza njanji ya pakati pa Nkaya ndi Nayuchi imalowera kum'mawa, ndimaima kumpoto kwake kuti kuwala kugwere mbali ya mabogi imene ndikuyang'ana. Ukaima kummwera umajambula mdima wokhawokha. M'mawa, yodzaza imabwera itayang'ana dzuwa, nkhope ya injini ikuwala. Madzulo mwayi umenewu umakhala wa yopanda kanthu yobwerera ku Moatize. Kukagwa chiperoni, kumwamba kuli mbuu ndi kamvula kowaza, kamera ndimaisiya m'chikwama n'kungoonera ndi maso.

Mwa malo onse, mtima wanga uli pa mlatho wa sitima wa pa Shire ku Liwonde. Tsiku limene ndinapita ndi mwana wanga tinafika kusanayere, titavala majuzi awiriawiri, tiyi ali m'fulasiki, mbatata yootcha ili m'thumba. Chifunga chinali chitagona pamadzi, ndipo mvuu zinkalira chakumtunda. Tinakhala pamalo ouma, patali ndi bango, chifukwa Shire ali ndi ng'ona ndipo m'mphepete mwake si moseweramo. Itangokwana 6:40 tinamva hutala, kenaka kugunda kwapansipansi kumene umakumva m'chifuwa makutu asanakumve bwino. Nyali inayamba kuboola chifunga, injini zinayi zinatulukira, mlatho n'kuyamba kulira. Mwanayo anandigwira dzanja n'kuyamba kuwerenga mabogi mokweza. Anasokonezeka pa 70, ine ndinapitiriza chamumtima mpaka 120. Mutu unali utazimiririka kalekale kutsidya pamene bogi yomaliza inkakwera pamlatho, malasha ali mbundembunde pamwamba, akuda bii, mame akunyezimira.

Pa Nkaya ndi pena. Palibe mtsinje wokongoletsa chithunzi, koma mpamene umaona ntchito yeniyeni: sitima kudikirana, kusintha njanji, ndipo nthawi zina za katundu wina monga feteleza ndi mafuta zolowera ku Limbe. Kumafunika kunyamula madzi ndi chakudya. Ndisanatulutse kamera pafupi ndi siteshoni iliyonse ndimayamba ndapereka moni kwa mlonda n'kunena chimene ndabwerera. Ena amandilozera poima, ena amati zithunzi ayi, ndipo ndimamvera. Ngati malo abwino ali m'munda mwa munthu, ndimapempha mwini wake.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera, makamaka ndikakhala ndi mwana. Sitiponda njanji, sitikwera mlatho, sitidutsa pansi pa mabogi ngakhale sitima itaima. Sitima yolemera chonchi singaime pafupi ngakhale woyendetsa atakuona, ndipo yopanda kanthu imafika msanga kuposa mmene maso akuuzira. Ndimawerenga mapazi makumi awiri kuchokera pa miyala ya njanji, ndipo mwera ukamaomba ndimaonjezera, chifukwa fumbi la malasha limalowa m'maso.

M'mawa uja, sitima itapita, tinabwerera kwa mayi wa zitumbuwa. Anamuyang'ana mwanayo, amene anali akunjenjemerabe ndi chisanu, n'kumupatsa chitumbuwa chotentha chongochotsa m'mafuta.

"Mwaiona, achimwene? Musapite msanga. Yopepuka ili m'njira."

Tinathira tiyi wotsala m'makapu n'kukhalanso pansi.