Mfuti tinaisunga, nanga onyamula uthenga?

Pa maphunziro anga a mbiri yakale tinapatsidwa ntchito yoti aliyense asankhe chikumbutso chimodzi cha m'boma lakwawo n'kulemba nkhani yake. Kwa ife a ku Mangochi kusankha sikuvuta. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu 1901. Pomwepo pali chikwangwani cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julayi 1946, komanso mfuti ya Hotchkiss yochokera m'sitima yankhondo ya Gwendolen. Ine ndinasankha mfutiyo. Koma m'mene ndinkawerenga, mfuti inayamba kuchepa m'maso mwanga, ndipo chomwe chinakula ndi waya wa lamya pamodzi ndi anthu amene ankausamalira.

Nkhani yake ili motere. Mu Ogasiti 1914 nkhondo itabuka ku Ulaya, akuluakulu a boma la Nyasaland anamva msanga chifukwa waya wa telegalafu unali utafika kale kuno. Waya umenewu unakokedwa m'zaka za m'ma 1890 ndi kampani ya Cecil Rhodes ya African Transcontinental Telegraph, kuchokera ku Salisbury (lero Harare) kudzera ku Tete, Blantyre, Zomba, Fort Johnston (dzina lakale la tauni yathu ino) mpaka ku Karonga. Captain Rhoades wa sitima ya Gwendolen analamulidwa kukasaka sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Anakaipeza itakwezedwa pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kuiwombera. Mnzake wa Chijeremani, Captain Berndt woyendetsa sitimayo, anali asanamve n'komwe kuti kunja kwaipa. Nkhani imati anapalasa bwato ali wolusa kudzafunsa Rhoades ngati waledzera, pakuti awiriwa ankamwera limodzi.

Anthu amaseka akamva zimenezi, inenso ndinaseka. Koma taganizani bwino. Chinapatsa Angerezi ulamuliro wa nyanja yonse tsiku limenelo si ukatswiri wa wowombera. Uthenga unafika mbali imodzi, mbali inayo sunafike. Ngakhale anthu a John Chilembwe ankadziwa mphamvu ya waya: usiku umene anaukira boma mu Januwale 1915 anadula mawaya a lamya kuti mbiri ichedwe kufalikira.

Apa m'pamene ndinayamba kufufuza za asilikali a mauthenga. Pa nkhondo yoyamba ija, yomwe agogo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya, ntchitoyi kwa Angerezi inali m'manja mwa nthambi ya Royal Engineers. Gulu loima palokha la Royal Corps of Signals linabadwa pambuyo pake, mu 1920. Zida zawo zinali waya, lamya ya kutchire, mbendera, nyali, ndi galasi lothwanimitsa dzuwa lotchedwa heliograph, lomwe linkatumiza mawu kuchokera paphiri lina kupita paphiri lina. Zambiri mwa izi zinkayendera zizindikiro za Morse, kaphokoso kakafupi ndi kakatali. Ndayesa kuziphunzira pa foni. Chilembo E ndi kamodzi kakafupi, A ndi kakafupi kenaka kakatali, zophweka ndithu ukamaziona papepala. Zikayamba kulira motsatizana mutu umaima. Tsono munthu ankazimva zimenezi ali m'dzenje, malungo ali m'thupi, zipolopolo zikudutsa, ndipo kuphonya nambala imodzi kukanatumiza gulu lonse kumalo olakwika.

Ovutika kwambiri anali oyendera waya. Mvula ikagwetsa mtengo, njovu zikazula mzati, mdani akadula dala, wina ankayenera kutsata wayayo wapansi mpaka apeze poduka. Kumpoto, ku German East Africa (dziko la Ajeremani lomwe gawo lake lalikulu lero ndi Tanzania), mawaya ena ankaduka ndi makosi a nyamalikiti. Mdani wochenjera ankadula n'kubisala pomwepo, podziwa kuti wokonza abwera. Waya ukalephera, uthenga unkaperekedwa kwa munthu wothamanga kapena wa njinga yamoto.

Ndipo kumapeto kwa nkhondo kunachitikanso zofanana ndi za kuchiyambi. Ku Ulaya mfuti zinatonthola pa 11 Novembala 1918, koma mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, General von Lettow-Vorbeck, ndi asilikali ake anali akumenyabe nkhondo cha ku Kasama, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Anamva za mtendere anthu ake atagwira msilikali wa njinga yamoto wa Angerezi amene ananyamula uthengawo. Nkhondo inaima pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 Novembala, ndipo anakatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala. Kuno kwathu nkhondoyo inayamba ndi uthenga wochedwa, inathanso ndi uthenga wochedwa.

Nanga ankasenza mikukutu ya waya, mizati ndi mabatire anali ndani? Anali atengatenga, amuna ochokera m'midzi yathu yomweyi. Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi atengatenga pafupifupi 200,000, ambiri mochita kugwidwa. Fort Johnston inali khomo lalikulu: katundu wa gulu la General Northey, mkulu wa asilikali a Angerezi kuno, ankachokera ku Blantyre ndi Zomba n'kudzakwezedwa m'sitima kuno, ndipo Ajeremani atawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa m'Mozambique chakumapeto kwa 1917, magulu ena anawatsatira kudzera ku Namwera. Ambiri mwa atengatenga sanafe ndi chipolopolo koma kamwazi, chibayo ndi njala.

Kumanda a m'tauni muno kuli miyala ya asilikali a nkhondo yoyamba yomwe imasamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission, uliwonse uli ndi dzina, udindo ndi gulu la mwini wake. Sindikuwachitira nsanje, nawonso anafera kutali ndi amayi awo. Koma bungwe lomwelo linavomereza mu lipoti la mu Epulo 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a ku Africa ndi Middle East, sanakumbukiridwe ndi maina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Ku England gulu la Royal Signals lili ndi nyumba yakeyake yosungiramo mbiri ku Blandford. Ife tili ndi nsanja ya King's African Rifles (gulu la asilikali achikuda la nthawi ya atsamunda) ku Zomba, ndiponso mwambo wa mu Novembala wovala duwa lofiira n'kukhala chete mphindi ziwiri. Nzabwino zimenezo, koma mwambowo umatchula asilikali onse pamodzi. Wolumikiza waya ndi wothamanga ndi kalata amasowera m'chigulu, ndipo watengatenga ndiye amasoweratu.

Mnzanga wina wa m'kalasi anandifunsa kuti, “Achimwene, nkhondo ya azungu mukuilirira chiyani? Anthu athu anangokakamizidwa.” Funso lake n'lomveka, ndipo Chilembwe yemwe anadandaula zomwezo m'kalata yake ya mu 1914 yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Koma kwa ine kukakamizidwako ndiye chifukwa chenicheni chowakumbukira. Amene anawagwira sanawalembe maina, ndiye ifenso tiwasiye? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Komanso sikuti anthu akuno anaiwala. Anasunga m'njira yawo. Gule wa beni amene amavinidwa m'midzi ya Ayao kuno ku Mangochi ndi perete weniweni: yunifolomu, maudindo, mendulo pachifuwa, mizere yowongoka. Ndikaonerera tsopano ndimayang'ana kwambiri wa wezulo. Akaimba kamodzi mzere umatembenuka, akaimbanso umaima, popanda mawu. Imeneyo ndi ntchito ya mauthenga ija, yomwe pankhondo inkagwiridwa ndi lipenga ndi wezulo. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga ndi mganda wa m'chigawo chapakati nawonso anachokera ku perete yemweyo. Ku Lake Malawi Museum, m'nyumba yakale ya Gymkhana Club, kuli zambiri za sitima za panyanja. Ndikanakonda pakona ina patakhala kachidutswa ka waya wakale ndi nyimbo za beni zojambulidwa, pamodzi ndi maina a midzi yomwe kunachokera atengatenga.

Gawo lotsatira la ntchito yanga ndi kucheza ndi akuluakulu. Aphunzitsi anatilangiza kuti tisamayambe ndi funso lakuti “nkhondo inali bwanji”, chifukwa amene anaiona anapita kale, ngakhale a nkhondo yachiwiri amene anakafika ku Burma mu 1944 atsala owerengeka. Tizifunsa zogwirika: dzina la agogowo, mudzi, mfumu ya nthawi imeneyo, ankasenza chiyani, anabwerako kapena ayi, nyimbo yomwe ankakonda kuimba akakhuta. Ngati m'nyumba muli mendulo ya nkhondo yoyamba, yang'anani m'mphepete mwake, chifukwa pamenepo ankadindapo nambala, dzina ndi gulu la msilikali. Musaikweche ndi mchenga kapena phulusa, zilembozo zimafufutika. Jambulani ndi foni, lembani nambalayo m'kope, ndipo ndi nambala imeneyo mungathe kukayambira kufunsa ku National Archives ku Zomba.