Lamulungu ku Highfield: tapempherera odwala maso, kenaka tawayeza

Dzuwa la Okutobala lakwiya muno mu Harare. Pofika 9 koloko m'tchalitchi munali mutatentha kale, amayi a Chigwirizano akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Mapemphero a lero anali a odwala, makamaka odwala maso, poti Lachinayi lachiwiri la mwezi uno ndi tsiku loganizira za maso pa dziko lonse. Ulaliki unali m'Chichewa, mkulu wa mpingo wina akumasulira m'Chishona chifukwa cha zidzukulu zobadwira konkuno, zomwe Chichewa zimangomva koma kuyankha zimayankha m'Chishona.

Abusa anawerenga Yohane 9 yonse, mavesi 41, osadumpha. Anatiuza tiwerenge kuti chozizwitsacho chatenga mavesi angati. Awiri okha, 6 ndi 7: Yesu analavula pansi, nakanya thope, napaka m'maso mwa munthu wobadwa wosaona, namutuma kukasamba ku thamanda la Siloamu. Thamanda lomwe akatswiri ofukula zakale amati ndi lomwelo linapezeka ku Yerusalemu mu 2004, ndi masitepe ake amiyala. Mavesi otsatirawo ndi mlandu wokhawokha. Anansi akukangana ngati ndi iyeyo, Afarisi akumupanikiza kawiri, makolo ake akuzemba kuyankha poopa kuchotsedwa m'sunagoge. Mlandu ukamakula, wochiritsidwayo akumka namudziwa Yesu: pa vesi 11 akuti ndi munthu wotchedwa Yesu, pa 17 akuti ndi mneneri, pa 33 akuti ndi wochokera kwa Mulungu, pa 38 akumugwadira. Afarisi, a maso awiri abwinobwino, akumka naumirira kuti akudziwa kale zonse, mpaka pa vesi 41 Yesu akuwauza kuti tchimo lawo likhalabe chifukwa akunena kuti akuona.

Pomwe abusa anakhalitsa ndi pa vesi 2. Ophunzira ataona wosaona uja sanafunse kuti amuthandize bwanji, anafunsa kuti anachimwa ndani. Funsolo kwathu kuno silinafe, langosintha zovala. Agogo akayamba kufufuza chitseko ndi manja, timafunsa kuti wawalodza ndani, kapena timati ndi mizimu ya ku Dedza yakwiya poti chiliza cha makolo sichinamangidwe. Pamene tikufunsana choncho zaka zikupita, nkhalamba ili m'nyumba. Ambiri mwa agogo athuwa anabwera kuchokera ku Malawi nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale. Lero apitirira zaka 80, ndipo pa msinkhu umenewo ng'ala ndi chinthu chofala kwambiri.

Utatha ulaliki odwala anabwera kutsogolo, monga Yakobo 5:14 imanenera za kuitana akulu a mpingo. Dongosolo lake ndi lachete. Wodwala amakhala pa mpando, sagwada ngati mawondo akuvuta. Mkulu amamufunsa chomwe akufuna kuti apemphereredwe, amapempha kaye asanamusanjike manja paphewa kapena pamutu, ndipo pemphero silitalika. Palibe kumukankha kuti agwe, palibe kulengeza kuti wachira asanatero mwini wake, ndipo palibe amene amaloledwa kuuza munthu kuti asiye mankhwala. Mayi wina anatulutsa kabotolo ka mafuta komwe anagula kwa mneneri wina m'tauni, akuti azidontheza m'maso mwa amayi ake. Abusa anamuyankha mofatsa kuti, "Mayi, ngati mukufuna kudzoza, pakani pamphumi. M'diso musaikemo chilichonse chomwe sichinachokere kuchipatala." Namwino wa maso, yemwe ndi mkhristu wa pompano, anawonjeza zomwe amakumana nazo kuntchito: mkaka wa m'mawere, mkodzo, shuga, madzi a masamba osinja. Zina mwa izi zimaotcha galasi lakunja la diso, zina zimalowetsa tizilombo, ndipo chilonda chikapola chimasiya chipsera choyera chomwe opaleshoni ya ng'ala singachotse.

Cha m'ma 12 koloko mabenchi anatulutsidwa pansi pa mtengo, kuyeza kunayamba. Zida zake ndi zochepa: tchati cha chilembo cha E, chingwe cha mamita 6, tochi, ndi kakhadi koboola kabowo kakang'ono ngati ka singano. Tchati chimakhomedwa pamalo owala, dzuwa lisamuthobwe m'maso woyezedwayo. Iye amaima pa mamita 6, n'kutseka diso limodzi ndi chikhatho, osalikanikiza, chifukwa diso lokanikizidwa limaona mbuu kwa kanthawi ndipo zotsatira zimalakwika. Sipafunika kudziwa kuwerenga, munthu amangoloza ndi dzanja komwe miyendo ya E yaloza. Diso lililonse limayezedwa palokha. Ambiri lero anadabwa kupeza kuti diso limodzi linasiya kalekale kugwira ntchito, linzake likulibisira.

Wolephera ngakhale chilembo chachikulu chapamwamba amamusendeza pa mamita 3, n'kumuonetsa zala. "Agogo, zala zingati izi?" Wosatha kuwerenga zala pa mamita 3 ndi diso lake labwinopo, achipatala amamuwerengera m'gulu la osaona. Kenaka kakhadi kaja: munthu akasuzumira pakabowo n'kuona bwinopo, kawirikawiri vuto lake ndi la magalasi basi. Tochi imabwera pomaliza. Kamwanadiso, kakuda kapakati kaja, kakaoneka kotuwa kapena koyera, ndiye ng'ala yakhwima. Namwino anachenjeza achinyamata omwe amathandiza kuti ntchito yawo ndi kupeza oyenera kutumizidwa kuchipatala, kutchula matenda ndi kwa dokotala. Diso lofiira lopweteka kwambiri, kapena losiya kuona mwadzidzidzi, silidikira Lolemba.

Ng'ala ndi yomwe imachititsa khungu anthu ambiri pa dziko lonse, koma ndi khungu lochotseka. Kagalasi ka m'kati mwa diso kamachita chifunga, dokotala amakachotsa n'kuikamo kapulasitiki koonekera. Wodwala sagonekedwa tulo, amangochititsa dzanzi diso lokhalo, ndipo ntchito yonse kawirikawiri siipitirira mphindi 30. Amachita diso limodzi kaye, linalo nthawi ina. Mphekesera yoti amatulutsa diso n'kuliika m'mbale inamvekanso lero kuchokera kwa agogo ena aamuna, ndipo anthu anaseka, koma mantha amenewo ndi omwe asunga anthu ambiri m'nyumba. Diso silichoka pamalo pake.

Masana gulu lina linakwera kombi kupita ku Mufakose kukaona agogo aakazi omwe anachitidwa opaleshoni sabata yatha. Anapezeka ali okhumudwa pang'ono. Amayembekeza kuti akangomasula bandeji aziona zonse, koma akuti zinthu zikuonekabe ngati m'nkhungu ndipo kuwala kukuwathobwa. Mkulu wa mpingo anawawerengera Marko 8:22-26, za wosaona wa ku Betsaida yemwe Yesu atamukhudza koyamba anaona anthu ngati mitengo yoyenda, mpaka anamukhudza kachiwiri. Agogo anati, "Ndiye kuti ndili pa mitengo, mwanangu." Namwino anawatsimikizira kuti masiku oyamba zimatero, diso limayera pang'onopang'ono.

Cholakwika chinapezeka pa mankhwala odontheza. Mdzukulu wawo amathira madontho anayi nthawi imodzi poganiza kuti achira msanga, ndipo botolo linali litatsala pang'ono kutha. Diso limasunga dontho limodzi lokha, enawo amangotsikira patsaya. Anamuonetsa kachitidwe kake: kusamba m'manja ndi sopo, agogo kuyang'ana kudenga, kukokera pansi chikope cham'munsi, dontho limodzi, kamwa ya botolo osakhudza diso kapena nsidze. Mankhwala akakhala a mitundu iwiri, pakati pake padutse mphindi 5. Amadonthezedwa kwa masabata angapo monga momwe dokotala walembera, ngakhale diso litaoneka kuti lapola. Osatikita, osalowetsa madzi osamba m'diso, osanyamula ndowa, ndipo poti magetsi akazima pakhomopo amaphikira nkhuni, agogo azikhala kutali ndi utsi. Ululu ukamakula, mafinya akaoneka, kapena kuona kukayamba kubwerera m'mbuyo, ndi tsiku lomwelo kuchipatala. Anawauziratunso kuti mwa anthu ena chifunga chimabwerera pakapita miyezi kapena zaka. Sikuti ng'ala yameranso kapena pemphero lasuluka, ndi kathumba kosunga kapulasitiki kaja kamene kamada, ndipo amakayeretsa ndi kuwala kwa makina otchedwa laser kwa mphindi zochepa.

Nyumba yachiwiri inali yovuta. Bambo wa zaka za m'ma 50, wodwala glaucoma, anasiya mankhwala chaka chatha atauzidwa ku mapemphero a usiku kwina kuti wachira ndipo kudontheza ndi kukayika Mulungu. Glaucoma siyera ngati ng'ala. Nthawi zambiri madzi a m'diso amapanikiza kupyola muyeso, womwe mwa anthu ambiri umakhala pakati pa 10 ndi 21 pa chida choyezera cha kuchipatala, ndipo mtsempha woonera umafa pang'onopang'ono, mopanda ululu, kuyambira m'mbali. Munthu amaona kutsogolo bwinobwino kwinaku akugunda mipando. Chomwe chafa sichibwerera, mankhwala amangoteteza chotsala, ndipo ndi a moyo wonse. Matendawa ndi ofala mwa anthu akuda, amayenda m'magazi a pabanja, n'chifukwa chake abale ake onse opitirira zaka 40 anauzidwa kukayezetsa.

Palibe anamudzudzula bamboyo. Wolakwa kwenikweni ndi amene anamuuza uja, yemwe sanayang'ane n'komwe m'disomo koma analankhula ngati akuona zonse. Mkulu wa mpingo anangomukumbutsa kuti Yesaya anauza anthu aike nkhuyu pa chithupsa cha Hezekiya pambuyo poti Mulungu walonjeza kale kumuchiritsa, kuti Paulo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, ndiponso kuti Paulo yemweyo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke koma sunachoke. Mkazi wake anafunsa ngati angapitirize botolo lakale lomwe linatsala. Yankho linali ayi: botolo lotsekula limatayidwa pakatha mwezi, ndipo pakufunika kuyeza kaye kuti adziwe pomwe zinthu zafika. Anapemphera, bamboyo akugwira dzanja la mkuluyo osalisiya.

Madzulo akulu a mpingo anakhala pansi kugawana mayina a onse omwe alembedwa lero. Aliyense wapatsidwa womuperekeza, poti wosaona bwino sangalimbane yekha ndi makombi a m'tauni. Ayambira ku kiliniki ya kufupi ndi kwawo kukatenga kalata, kenaka ku Sekuru Kaguvi, chipatala cha maso cha ku Parirenyatwa. Anyamule chitupa, makadi onse akale a kuchipatala, magalasi ngati ali nawo, ndi mankhwala onse omwe akumwa, makamaka a shuga ndi a BP, chifukwa ziwirizi zikakwera opaleshoni imaimitsidwa. Amayi a Chigwirizano atenga za ndalama yoyendera. Bambo wa glaucoma uja ndiye woyamba, anyamuka mawa 6 koloko ndi mlamu wake.