Zikomo kwa aphunzitsi a mpira ku Des Moines

Ndikufuna kuthokoza poyera bambo ena kuno ku Des Moines, Iowa. Dzina lawo sinditchula poti sakonda kutamandidwa. Kale ankasewera mpira wa ku America wa m'holo, uja wa Arena Football League, womwe bwalo lake ndi la mayadi 50 okha ndipo timu iliyonse imalowetsa osewera 8. Bondo litavuta anayamba kuphunzitsa, ndipo pano amayendayenda kusaka achinyamata aluso.

Mwana wanga atamusiya pa timu ya kusukulu anangoti ndwii, chakudya osachifuna. Bambowa, osatidziwa n'komwe, anamuona akuponya mpira yekhayekha kupaki. Anamuitana, n'kumamuphunzitsa Loweruka lililonse kwa miyezi inayi osalandira ngakhale senti. Anamusimbira za Kurt Warner, yemwe ankasanja katundu m'sitolo, n'kusewerera Iowa Barnstormers, timu ya mpira wa m'holo ya kuno ku Des Moines, kuyambira 1995, kenako n'kupambana Super Bowl, chikho chachikulu cha mpira wa ku America, ndi timu ya St. Louis Rams mu 2000. Koma chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti sanamunamize. Anamuuza maso ndi maso kuti miyendo yake ndi yolemera, n'kumuonetsa zochita kuti ipepuke.

Bambo, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Mnyamata uja amutenganso pa timu, ndipo Lachisanu lino mpando wanu tikusungirani.