Lachinayi usiku, maminitsi osamaliza

Ndasowa tulo, ndiye ndati bola ndilembe. Maminitsi a msonkhano wa lero ali apo patebulo, ndangolembapo tsiku, mayina a amene anabwera ndi ndime imodzi. Cholembera chikukana kupitirira. Sikuti msonkhanowo unavuta ayi, unayenda ngati mmene misonkhano imayendera. Amene wandisokoneza ndi mnyamata wa kabaza amene ananditenga pobwerera.

Ndine mlembi wa komiti ya mtendere ya dera lathu kuno ku Balaka. Udindowu sindinaupemphe. Kumudzi ukakhala mphunzitsi ndiwe wogwira cholembera basi, pamaliro, pachinkhoswe, ngakhale ku komiti ya mjigo. Lero nkhani yaikulu inali yakuti achinyamata azitenga nawo mbali. Tinalipo anthu 14. Wachinyamata analipo mmodzi, mwana wa mlongo wawo wa atcheya, amene anatsegula pakamwa pomwa Fanta pokha. Mlendo wina anatiwerengera papepala kuti mu December 2015 a United Nations anagwirizana mfundo nambala 2250 yoti achinyamata azikhalapo pomanga mtendere, kuti dziko lino lili ndi ndondomeko ya mtendere kuyambira 2017, kuti lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022 likufuna makomiti m'maboma, ndiponso kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi sanakwane zaka 18. Tinagwedeza mitu, tinawomba m'manja, tinasainira ya thiransipoti, tinabalalika.

Pa siteji ndinamva wina akukuwa kuti "Madamu! Madamu!" Sindinamuzindikire mpaka atavula chipewa cha njinga. Ndinamuphunzitsa Sitandade 6, kamnyamata kokhala kumbuyo, kodziwa masamu koma kaulesi polemba. Anasiyira Fomu 2 bambo ake atamwalira. Pano ndi bambo wa ana awiri, ndevu zili apo. Ndinavutika ndi chinthu chaching'ono: kodi ndimuti iwe kapena inu? Pakamwa panatuluka "iwe", mtima ukundiuza kuti munthu wodyetsa banja satchulidwa choncho pagulu. Ulendo wonse ndinali kusakaniza. Iye sanaoneke kuti zikumukhudza.

Titadutsa pamsika anandifunsa kumene ndikuchokera. Nditanena kuti ku msonkhano wa mtendere, anaseka mpaka njinga kugwedera.

"Nkhondo yake iti, Madamu?"

Ndinamufotokozera mwauphunzitsi kuti mtendere samayembekeza nkhondo, kuti timakambirana za malire a minda, za ufumu, za mipingo ndi mizikiti, ndipo lero tinakambirana za iwo, achinyamata.

"Za ife? Ife tili kuti?"

Ndinati analipo woimira achinyamata. Anafunsa kuti ndani. Nditamuuza anangoti, "Oho." Kenako anachepetsa liwiro, n'kuimika njinga pansi pa mlambe uja wa pamphambano, n'kuzimitsa injini. Petulo wavuta masiku ano, wa kabaza sangasiye injini ikulira pachabe, ndiye ndinadziwa kuti nkhani italika.

"Loweruka lija a komiti munali kuti?"

Za Loweruka ndimazidziwa, kapena ndinkaganiza kuti ndikuzidziwa. Atcheya anapereka lipoti lero lomwe kuti munthu wina woganiziridwa kuba anatsala pang'ono kuwotchedwa pamsika, koma komiti yathu mogwirizana ndi apolisi inateteza moyo wake. Ndi ndime imodzi ija ndalemba kale. Ndinailemba ndi dzanja langali.

Iye anafotokoza motere. Mwezi watha mnzawo wina anakwezedwa ndi kasitomala madzulo, atafika kuthengo anamenyedwa ndi chitsulo m'mutu, njinga n'kupita. Mpaka pano salankhula bwino. Ndiye Loweruka, tsiku lamsika, wina anangoloza munthu wachilendo wonyamula chikwama n'kunena kuti ndi yemwe uja. Basi. Palibe anafunsa kuti wamuona kuti, wamudziwa bwanji. Anthu anakhamukira, wina anabwera ndi tayala, wina anathamangira kwa ogulitsa petulo wa m'mabotolo. "Petulo yemweyo Madamu, amene timamuvutikira kumupeza, tsiku limenelo anapezeka waulere."

Iye ndi wa mwambo pa siteji pawo, ndiye kuti amaweruza anyamata akalandana kasitomala kapena wina akadumpha mzere. Anaitana anzake atatu, analowa ndi njinga pakati pa gulu, injini zikubangula, n'kumuzungulira munthu uja ali pansi. Ndinamufunsa kuti anawauza chiyani anthu okwiya choncho. Ndinkayembekeza mawu ngati a m'mabuku athu, za ufulu wa munthu, za kusatengera lamulo m'manja.

"Ndinawauza kuti wakufa saulula. Mukamuwotcha uyu njinga ija simudzaionanso, ndipo anzake amene amaba nawo adzapitiriza kutipha. Musiyeni akatchule anzake kupolisi."

Anamukweza pakati pa anyamata awiri, magazi ali chuchuchu, ulendo wa kupolisi. Apolisi anamulandirira pakhomo, pamsika sanapondepo. Atcheya athu anafika zonse zitatha, n'kulankhula ndi wapolisi wamkulu pakhonde. Ndipo munthuyo sanali wakuba. Anali wogula nandolo, chikwama chija munali sikelo ndi ndalama za abwana ake. Ndalamazo zinasowa m'chipwirikiti.

Ndinakhala chete kumbuyo kwa njinga. Chimene chinandilasa ndi bodza limene anagwiritsa ntchito. Iye sanakhulupirire n'komwe kuti munthuyo ndi wakuba, akuti anamuona nsapato zake ndi mmene ankalirira. Koma anadziwa kuti gulu lokwiya sungaliuze kuti lalakwa, umaliuza kuti liluza. Ine zaka zonsezi ndakhala m'maphunziro a kuthetsa mikangano, mapepala akuluakulu atamatidwa pakhoma, tikujambula mtengo wa mkangano ndi mizu yake ndi nthambi zake, palibe anandiphunzitsapo zimenezo. Ndinakumbuka 2017, nthawi ya mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu akuphedwa chifukwa chonyamula chikwama m'mudzi mwa eni. Kukanakhala anyamata anayi a njinga pamalo ena, kaya.

Kenako ananena mawu amene andisowetsa tulo.

"Madamu, pamsonkhano mumatitchula achinyamata. Mukafuna kutituma mumati anyamata anga."

Akuti agogo ake anali Payoniya, gulu lija la achinyamata la nthawi ya Kamuzu, amalume ake anavalako malaya a chipani china, iye mwini mu 2019 anakwerako lole kupita kokasokoneza msonkhano wa ena, malipiro ake K2,000 ndi tisheti. Ananena mosachita manyazi, ngati akuwerenga mayina a mizere ya banja. Ndipo ndani angamutsutse? Ine ndinali mtsikana wa sekondale mu December 1993 asilikali akulanda zida a Payoniya, ija ankati Operation Bwezani, tinkaganiza kuti zotuma ana kukamenya anthu zathera pomwepo. Zinangosintha mtundu wa nsalu. Mu July 2011 tinaona zithunzi za anyamata atanyamula zikwanje m'magalimoto mu Blantyre, kutatsala tsiku limodzi kuti zionetsero zichitike, ndipo pa zionetserozo anthu 20 anafa. Mu October 2019 ku Msundwe wapolisi anagendedwa mpaka kufa, kenako amayi ndi atsikana a kumeneko anachitidwa zoopsa mpaka khoti linalamula kuti apepesedwe. Nthawi zonse manja ogwira mwala ndi a mwana, pakamwa potuma ndi pa wamkulu. Zikatha wamkulu yemweyo amavala jekete n'kukatsegulira msonkhano wolangiza achinyamata kuti asamagwiritsidwe ntchito.

Komabe ndinapsa mtima pang'ono, ndisaname. Pali kena kake mwa anyamata a masiku ano kongoona chilichonse cha akuluakulu ngati kudya ndalama. Ndinamukumbutsa za kuno kwathu komwe, 2019, pamene nkhani ya atsikana ovala hijabu pa sukulu za mpingo inabutsa ziwawa, mawindo kuswedwa, sukulu kutsekedwa, anthu amene akhala akugawana mchere kwa zaka zambiri osapatsananso moni. Sizinathe ndi njinga zimenezo. Zinatha chifukwa akuluakulu a Chisilamu ndi a Chikhristu anakhala pansi miyezi ndi miyezi, a bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee ali pakati, mpaka anasainirana mgwirizano mu 2021. Misonkhano yotopetsa yomweyi, ya Fanta ndi mabanzi. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndinatero, ndipo ndinadzimva ndekha kuti ndayamba kulankhula ngati atcheya.

Anavomera, koma theka. "Zoona Madamu. Koma ogenda anali ndani? Osaina anali ndani? Amene anagendawo alipo anawafunsa kuti chinawakwiyitsa n'chiyani?"

Sindinamuyankhe.

Sindikufuna kumusandutsa mngelo, iye mwini sanafune. Anandiuza kuti chaka chatha, wakuba mbuzi atagwidwa, iye anamenyako, ndipo sanagone bwino sabata yonse. Anyamata a siteji omwewa mnzawo akagundidwa ndi galimoto amatseka msewu, amaswa magalasi, dalaivala akapanda kuthawa ndiye kaya. Mphamvu imene inapulumutsa wogula nandolo uja ndi yomweyo imene ikanamuwotcha. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake sitiwaitana. Timawaopa. Timasankha mwana wofatsa, wa MSCE, wodziwa kulemba fomu ya Chingerezi, amene sadzatsutsa mfumu pagulu. Koma mwana wofatsayo Loweruka pamsika ndani akanamumvera?

Ndinamufunsa mwachindunji: titakuitana ungabwere?

Anawerengera pa zala. Njinga si yake, abwana ake amafuna ndalama yawo madzulo aliwonse, kaya kwagwa mvula kaya petulo wasowa. Misonkhano yathu imayamba 9 koloko, imene ndi 11 koloko, kutha 3 koloko, ndipo kawirikawiri tsiku lamsika chifukwa ndi pamene mafumu amapezeka pa tawuni. Tsiku lamsika ndi limene iye amapezera ya ufa wa sabata yonse. "Ndiye ndisiye ana ndi njala ndikamve kuti ndine mtsogoleri wa mawa? Mawa limenelo munayamba kutiuza tili Sitandade 6." Anati ngati tikufunadi, tibwere ife ku siteji, Lamlungu madzulo, pamene amasonkha za chipeleganyu chawo ndi kuweruza milandu yawo. Tikakhale pa benchi, timvetsere kaye. Ali ndi gulu la WhatsApp la masiteji onse mpaka ku Ulongwe ndi ku Liwonde, akuti mphekesera ikangoyamba iwo amaimva ola lomwelo, ife timaimva pa lipoti mwezi wotsatira.

Ndikuyesa kuwaona m'maganizo atcheya athu, ndi a gulupu, ndi abusa, ndi ashehe, atakhala pa benchi ya kabaza pafupi ndi chiwaya cha tchipisi, anyamata akulankhula iwo ali chete. Chithunzicho chikukana kubwera.

Ndipo pano ndikulemba ndazindikira chinanso, chondichititsa manyazi ine mayi. Ulendo wonse, iye ndi ine, tikamati achinyamata timanena amuna. Atsikana a pamjigo, amene amadziwa kuti banja liti silikulankhulana ndi liti chifukwa cha malire a dimba mkangano usanafike kwa nyakwawa, sitinawatchule ngakhale kamodzi. M'kalasi mwanga muli kamtsikana kamene kamaleretsa ndewu za anzake kuposa ine ndi ndodo yanga. Zaka zisanu zikubwerazi kadzakhala kuti? Kumbuyo kwa msonkhano, kakugawa Fanta.

Mutu ukundiwawa. Mwina ndi dzuwa la lero, Balaka watentha ngati ng'anjo, mwina ndi ukalamba. Masiku ano zinthu zazing'ono zimandikhalira. Kale mwana wa sukulu akandiyankha choncho ndikanangoti wachita mwano, n'kugona tulo tabwino.

Titafika pakhomo anakana ndalama. Ndinakakamiza, anakananso, mpaka ndinamuika m'thumba la jekete ndi mphamvu, poti ndikudziwa za abwana ake aja. Akuvala chipewa anati, "Inu ndi amene mumalemba eti? Muzilemba zoona, Madamu. Munkatikwapula tikanama." Anaseka, n'kuliza njinga, fumbi kobo.

Ndiye ndime ija ili apa. "Komiti mogwirizana ndi apolisi inateteza moyo wa munthu." Nditaifufuta n'kulemba kuti anyamata anayi a kabaza, atcheya sasaina, ndikuwadziwa, ndipo lipotili limapita kwa amene amatipatsa ya thiransipoti. Nditaisiya, Lachisanu likudzali ndikwera njinga ya ndani? Ndaganizanso zolemba zonse ziwiri, kuti komiti ndi apolisi mothandizidwa ndi achinyamata ena, koma "mothandizidwa" ameneyo ndi bodza lovala jekete.

Lamlungu madzulo ndili ndi msonkhano wa amayi kutchalitchi. Ukatha msanga, siteji ili panjira pomwe. Sindinamulonjeze kanthu. Foni yatsala pang'ono kuzima, ndipo mawa Sitandade 7 ili ndi mayeso a masamu amene sindinakonzebe mafunso ake.