Mthiko Wathu Unathyokera ku St. Ignace

Kalavani yathu, kanyumba ka matayala komwe timakoka ndi pikapu, tinagula kwa mkulu wina wopuma pantchito kufupi ndi Elkhart, ku Indiana, dera lomwe kalavani zambiri za kuno ku America zimapangidwa. Tsiku lokaiona, ine ndinkagogoda matayala ndi kuyang'ana ngati denga silidontha. Mayi a kunyumba sanalabadeko zimenezo. Anangotukula khushoni la pa benchi yodyera, n'kusuzumira m'bokosi la pansi pake.

"Abambo, muno mulowatu thumba lonse la ufa."

Ndinavomera ndi mutu. Tonse awiri tinakulira kwathu kuja komwe minibasi siinyamuka pakadali mpata, ndiye ukaona malo opanda kanthu mtima suugwira mpaka uikepo kenakake.

Kwa amene simunaionepo, kalavani zambiri za kuno zimakhala ndi kachipinda kotuluka cham'mbali, amati slide. Ukafika pogona umadina batani, khoma n'kuyamba kusuntha pang'onopang'ono kutulukira panja, m'kati n'kusanduka pabalaza poti anthu n'kupatukana. Pochoka umadinanso, kachipindako n'kubwerera m'kati. Pa yathuyi, tebulo ndi mabenchi ake awiri zili pa slide yomweyo, mbali ya dalaivala, ndipo usiku tebulolo timalitsitsa kukhala bedi la ana.

Tinanyamuka ku South Bend m'mawa wa Lachisanu mu Ogasiti, kulowera kumpoto kwa Michigan kudzera ku Grand Rapids, Cadillac ndi Petoskey. Ndi mtunda woposa makilomita 500, pafupifupi ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Karonga. M'mabenchi muja tinali titathiramo zonse: mapaketi awiri a madzi a m'mabotolo, iliyonse mabotolo 40 a theka la lita, thumba la ufa, thumba la mpunga, makala, mphika waukulu wa nsima, chigubu cha mafuta ophikira, ndipo ine ndinawonjezera bokosi langa la masipanala ndi jeke. Mthiko ndi chipande anazitsomeka pamwamba penipeni, pafupi ndi kachitseko ka m'mbali mwa benchi. Madzi okhawo anali makilogalamu 40. Zonse pamodzi sizikanachepera 100, koma nthawi imeneyo palibe anawerenga.

Tinafika pa mlatho wa Mackinac dzuwa litapendeka. Mlathowu anautsegula mu 1957, ndi wautali makilomita 8, ndipo umadutsa pomwe nyanja ya Michigan imakumana ndi ya Huron. Njira zake zapakati ndi zachitsulo cha maenjemaenje, matayala amalirapo ngati njuchi, ndipo kukawomba mphepo kalavani imakukoka kumbuyo ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Ana ankakuwa ndi chimwemwe. Ine manja anali thukuta lokhalokha pa chiwongolero. Nditawoloka ndinaima kaye kuti mtima ukhale pansi.

Pogona pathu panali ku Straits State Park, m'tauni ya St. Ignace, pomwe mlathowo umaoneka bwino magetsi ake akayaka. Ndinaimika kalavani, ndinaika zotchingira matayala, ndinaiwongola kuti isapendekeke, pakuti slide suitulutsa kalavani ili chopendekera. Kenako ndinatsegula chitseko, n'kutambasula dzanja kudina batani ndili panja, osalowa n'komwe. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri.

Mota inalira, khoma linayamba kuyenda, kenako kunamveka kuti khoo! Mbali ya kutsogolo inapitirira, ya kumbuyo inaima. Slide inakhala chokhota ngati chitseko cha khola. Nditalowa ndi tochi ndinapeza kuti kachitseko ka benchi kanatseguka tili m'njira, mwina pa mabampu a kumpoto kwa Cadillac. Mthiko unagwa, n'kugubuduka kukalowa pampata wa pakati pa slide ndi kabati ya khitchini. Unathyoka pakati, chidutswa china chitapanikizika pansi. Chigubu cha mafuta chinali chitagona cham'mbali, chivindikiro chitamasuka, ufa wa pansi pa thumba utasanduka phala. Nditatulutsa jeke ndinaona kuti thabwa la pansi pa benchi lang'aluka pomwe chitsulocho chinkadumphira ulendo wonse.

Mayi anatola chidutswa cha mthiko osanena kanthu. Mthiko umenewo unachokera ku Ntcheu m'sutikesi, anawapatsa mayi awo. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndinaimbira alamu anga, omwe akhala akugwira ntchito pa fakitale ina ya makalavani ku Elkhart kwa zaka zingapo. Atamva mndandanda wa katundu anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, mwasandutsa benchi nkhokwe? Mabenchi amenewo timawakhoma ndi timatabwa topyapyala, kuti kalavani ipepuke. Kukhalapo anthu anayi n'kudya palibe vuto, kalavani itaima. Koma jeke kumadumphadumpha m'menemo maola asanu ndi awiri, ndiye kuti mwaika hamala."

Anandifotokozera kuti slide imatsamira pa timawilo kapena pa tinjanji tochepa, ndipo za mtundu wa yathuyi zili ndi mota ziwiri, ina uku ina uku, zoyenera kuyendera limodzi. Mbali imodzi ikalemera kapena ikakodwa, zimasiyana, ndipo ukaumirira kudina batani ukhoza kudya mano a njanji kapena kung'amba labala lotchinga mvula. Anandiuza kuti nditulutse zolemera zonse, ndichotse chokodwacho, ndione kuti batire ili ndi moto wokwanira, ndibweze slide m'kati mpaka kumapeto ndikugwirabe batani kamphindi mota zitasiya kulira, kenako ndiitulutsenso, kangapo konse. Ulendo wachitatu inawongoka. Tinagona usiku umenewo katundu ali mbwee pansi, fungo la mafuta lili m'mphuno.

M'mawa tinapanga bwalo, ine woimbidwa mlandu. Pa chitseko cha kalavani pali kapepala kachikasu konena kulemera kwa katundu amene ingathe kunyamula. Ndinali nditakaona nthawi zambiri osakawerenga. Komanso nkhani siithera pa kuchuluka kwa katundu, malo omwe wamuika amawerengedwanso. Zolemera zimafunika kukhala pansi, pamwamba pa matayala kapena kutsogolo kwake pang'ono, ndipo mbali ziwiri zilingane. Slide payokha imalemetsa kale mbali ya kumanzere, ndiye ife tinawonjezera makilogalamu 100 komweko. Pa mphuno ya kalavani, pomwe imakolekedwa ku galimoto, payenera kutsamira pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera kwake konse. Pakapepuka, imayamba kugwedeza mchira pamsewu. Ndikamakumbukira momwe inkandikokera pa mlatho paja, sindiloza chala mphepo yokha.

Ndiye jeke, masipanala ndi makala zinapita kumbuyo kwa pikapu. Madzi tinawaika pansi pakati pa kalavani, titawamanga ndi lamba kuti asatsetsereke, kutali ndi njira ya slide. Ufa ndi mpunga wotsala zinalowa m'ndowa zapulasitiki zotseka bwino, pakutinso mbewa za m'nkhalango zimalowa paliponse, ndipo kumpoto kumeneko kuli zimbalangondo zakuda zomwe fungo la chakudya sililiphonya. M'mabenchi munatsala mabulangete, mapilo, matawulo, majekete a mvula ndi mapepala a m'chimbudzi, zinthu zoti ngakhale zitavina bwanji sizingaswe kanthu. Pa sitolo ya zitsulo m'tauni muja ndinagula timaloko tija amatsekera makabati poteteza ana, kamphasa ka labala koyala pansi, ndi kathabwa kolimbitsira pomwe panang'aluka.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yoyang'anira slide inapita kwa mwana wathu wamkazi, wa zaka 11, ndipo amaigwira ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Batani silidinidwa iye asanalowe ndi tochi, kugwada, kusuzumira mipata yonse iwiri, kuyesa titseko tonse ndi kuchotsa nsapato pansi. Pochoka, ine ndimakwera makwerero kusesa masamba ndi timitengo pamwamba pa slide, chifukwa zimenezo zikalowa nayo m'kati zimawononga labala. Akanena kuti "Adadi, dinani," ndipomwe ndimadina.

Lamulungu tinapitirira kumpoto mpaka ku mathithi a Tahquamenon, kufupi ndi katauni kotchedwa Paradise. Madzi ake ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha mitengo ya m'madambo omwe mtsinjewo umadutsa, ndipo amagwa kuchokera pamwamba mamita pafupifupi 15. Madzulo ake slide inatuluka bwinobwino, osakhota n'komwe. Mayi anateleka mphika, anatenga chidutswa chachitali cha mthiko uja, chomwe ndinali nditachisema ndi mpeni kuti chisabaye, n'kuyamba kuvundula. Chinali chachifupi moti nthunzi inkawaotcha zala, ndipo nsima inatuluka ndi timibulu tingapo. Wamng'ono anafuna kudandaula, mayi ake anangomuyang'ana, iye n'kutema mbamu ina.